Dzina la Mboni Yachitatu

Abale anga, tazimitsani kaye faniyo, ikusokosa ndipo ine ndikufuna mundimve bwino. Thukuta tipirire, tinalizolowera kale. Ambiri a inu muno m'makampu a antchito a ku Sonapur mumanditchula kuti Honalebo, ndipo mumayesa ndi dzina lachipongwe chifukwa ndimayenda mimba patsogolo ngakhale nditavala yunifolomu ya ulonda. Sekani, palibe kanthu. Koma dzinalo ndi loona. Ine ndinali phungu wa Nyumba ya Malamulo kumudzi. Lero ndikuuzani momwe ndinaperekera munthu m'manja mwa zigawenga, ndi momwe ndinatsalira pang'ono kumuperekanso kachiwiri konkuno ku Dubai. Munthuyo ndizimutchula kuti Jailosi. Si dzina lake lenileni.

Ndinayamba ngati mphunzitsi. Pakamwa ndiye Mulungu anandipatsa, sindinama. Ndikaimirira pamsonkhano anthu ankaiwala zoti dzuwa likuwotcha. Pakamwa pomwepo ndi pomwe panandilowetsa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo sipanatenge nthawi anzanga anandisankha kukhala wapampando wa komiti yofufuza gulu la akuba magalimoto. Inu achinyamata mwina simukudziwa. Anthu ankalandidwa magalimoto pamsewu ndi mfuti, ena kuphedwa kumene. Galimoto ija aifufuta manambala, aipenta, aipezera mapepala abodza, kenako aiika pakati pa magalimoto ochokera kuno ku Dubai ngati yangofika kumene padoko. Dziko lonse linkanong'ona dzina la mwini gululo, mkulu wina wa bizinesi amene anthu ankangomuti a Nyundo. Koma woti aimirire n'kuloza chala panalibe.

Ine ndiye ndinkasangalala nazo bwanji! Pa wailesi ine, m'nyuzipepala ine. Ndinkamenya tebulo ndi chibakera, ndikuti chaka chino akuba aona polekera.

Tsiku lina kuofesi kwanga kunabwera Jailosi. Anali mwana wa kwathu, mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo ankayendetsa thiraki ya a Nyundo. Mnzake woyendetsa naye anali ataphedwa chifukwa chokana ulendo wina, ndipo Jailosi tulo tinali titamuthawa. Anati, “Olemekezeka, ndikudziwa garaja yomwe amafufutirako manambala, ndikudziwa njira zonse. Ndiyankhula. Koma dzina langa likatuluka, ndafa.” Ine ndinatenga Baibulo m'dirowa, ndinaika dzanja pamwamba, ndinamulumbirira. Anapereka umboni wake m'chipinda chotseka, atakhala kuseri kwa katani. M'mapepala tinkangolemba kuti Mboni Yachitatu. Odziwa dzina lake tinali awiri basi, ine ndi mlembi wa komiti. Jailosi anapitiriza kugwira ntchito kwa a Nyundo ngati palibe chachitika.

Ndiye mayi anga anamwalira.

Pamene ndinkafika kumudzi kuchokera kutauni, ndinapeza malole awiri aima pabwalo, tenti yakhomedwa, ndipo thupi la mayi analiika kale m'bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide. Ndinafunsa malume anga kuti bokosili lachokera kuti. Iwo anati, “Anzako a Nyundo, mphwanga. Munthu wachifundo ameneyu sindinamuone.” Koma tandiuzani inu, ndani kwathu anatulutsapo mayi wake m'bokosi pamaso pa anthu n'kubweza bokosilo kwa mwini wake? Bokosi silikanidwa. A Nyundo anakhala pampando wakutsogolo maliro onse, chipewa chili pabondo, nkhope yachisoni kuposa yanga. Anatsagana nafe mpaka kumanda. Pakati pa adzukulu okumba manda panali Jailosi, amene anapempha tchuthi kuti adzathandize maliro a kwawo. A Nyundo anamuona, anamugwedezera mutu, osaganiza kanthu.

Titameta, malume anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati munthu wogula bokosi sathokozedwa pa foni, ndiyenera kupita ndekha kunyumba kwake ndi mbuzi. Ndinayesa kufotokoza za komiti. Iwo anakalipa kuti zandale zanga ndizisiye kutauni, ndisawachititse manyazi. Ndinapita, abale anga. Wapampando wa komiti, mbuzi ili kumbuyo kwa galimoto, kukagwada kwa munthu amene ndinkamufufuza.

Anandilandira bwino kwambiri. Tinadya nkhomaliro pakhonde, botolo la kachasu wa azungu lili pakati. Za komiti sanayambe msanga. Titafika pa tambula yachinayi ndiye anapumira m'mwamba nati, “Olemekezeka, chimandiwawa n'chakuti mukumvera mabodza a anthu obwera. Ndamva kuti mboni zanuzo ndi anyamata a kunja kwa dziko, olembedwa ganyu ndi adani anga.” Ine kunyada kunandikwera. Munthu anyoze ntchito yanga? Ndinati, “Ayi bwana, pamenepo ndiye mwaphonya. Mboni yathu si munthu wobwera. Ndi mwana wa kwathu weniweni, woti ngakhale manda a mayi anga wakumba nawo.”

A Nyundo anangoseka, nandithirira ina. Dzina sindinatchule. Kwa zaka ndinkadzitonthoza ndi mawu amenewo, kuti dzina sindinatchule. Koma pa adzukulu onse aja, wantchito wa a Nyundo anali mmodzi yekha.

Sabata isanathe Jailosi anapezeka m'ngalande m'mbali mwa msewu, mkono utathyoledwa pawiri, mutu uli magazi okhaokha. Anamusiya poyesa kuti wafa. Atatuluka m'chipatala anasowa. Mboni zina zitamva zinabweza mawu, kafukufuku anathera pompo, ndipo lipoti lopanda kanthu ndinasainira ndine. Anthu atafunsa kuti waulula ndani, ine ndinakhala chete, chala chinaloza mlembi uja. Anamuchotsa ntchito, bambo wa ana asanu, ine ndikuonerera.

Kuchokera apo zinayenda mofulumira. Mowa m'mawa, mowa masana. M'Nyumba ya Malamulo ndinkangosinza. Pachisankho anthu anandigwetsa, ndipo anachita bwino. Mkazi wanga anatenga ana n'kubwerera kwawo, atatopa ndi kunditola pakhonde. Anzanga a ndale ankandiona n'kuwoloka msewu. Wotsala amene ankandiyankha foni anali a Nyundo okha. Anati ali ndi yadi ya magalimoto ku Dubai, ndibwere ndidzakhale manijala. Ndinafika kuno ndi suti ndi tayi. Pabwalo la ndege anandichingamira mwamuna wina wa kwathu dzina lake Layifodi, amene ankayang'anira yadiyo. Anatenga pasipoti yanga n'kuiponya m'thumba mwake. M'mawa mwake anandipatsa ndowa ndi chiguduli. Umanijala wake unali umenewo, kutsuka magalimoto padzuwa ili. Mowa wobisa Layifodi ankandipezera yekha, chifukwa munthu woledzera safunsa za pasipoti.

Ndinakhala choncho zaka ziwiri. Ndiye tsiku lina Lachinayi Layifodi anandiitanira mu ofesi, nandipatsa foni. Anali a Nyundo. Anati kumudzi kwakhazikitsidwa komiti ina, yatsegulanso nkhani ija, ndipo ikufunafuna Mboni Yachitatu. Anati amva kuti Jailosi ali konkuno, akugwira ntchito yosesa ndipo akugona m'kampu ina mu Sonapur, akukonzekera kupita kukayankhulanso. “Anyamata anga a kumeneko nkhope yake sakuidziwa,” anatero a Nyundo. “Inu mukuidziwa, ndiponso iye amakukhulupirirani. Ndikungofuna nambala ya chipinda ndi bedi lomwe amagona. Mukatero mutenga pasipoti yanu, tikiti ndigula ndine.”

Ndinafunsa kuti akamuchita chiyani. Foni inali itadulidwa kale. Layifodi anatsegula dirowa n'kundionetsa kaphukusi kapulasitiki, ufa woyera uli m'kati. Anati, “Kuno sitimenya munthu, madala. Aka kakagona pansi pa matiresi ake, wina aimbira apolisi, khalasi, zathera pompo. Adzatuluka imvi zili mbuu.” Inu nonse mukudziwa malamulo a dziko lino pa zinthu zimenezo. Palibe chodandaula, palibe loya wokupulumutsa.

Ndikufuna mumve bwino apa, musandiyese munthu wabwino. Ndinavomera. Ndinkafuna kupita kwathu.

Lachisanu, nthawi ngati yomwe ino, Layifodi anaimika galimoto pafupi ndi kagolosale ka Mpakistani kunja kwa geti ya kampuyo. Anandipatsa foni ya m'manja, nati ndili ndi theka la ola. Ndinalowa. Ndinafunsa anyamata a ku Zambia amene ankachapa pampopi ngati akudziwa Mmalawi wa mkono wopindika. Mmodzi anati, “Aah, ba Jailosi? Kwelani pamwamba, cipinda ca kumapeto.” Zinali zosavuta choncho. Ndinakwera masitepe.

Ndinamupeza yekha, akusita malaya ndi dzanja lamanzere. Anzake anali atapita kokapemphera. Atandiona anaika ayironi pansi, maso ali tong'o. Kenako anathamanga, nandigwira dzanja, bondo litapinda monga timachitira kwathu. “Olemekezeka! Ndinu kodi? Mulungu ndi wamkulu!” Anapukuta bedi ndi malaya omwe ankasita aja kuti ndikhalepo. Bedi lapansi, pafupi ndi windo. Nambala ya chipinda ndinali nditaiwerenga kale pachitseko. Ntchito yomwe ananditumayo inali itatha, chotsala chinali kutsanzika.

Koma iye anateleka ketulo. Ndinkamuona akulimbana ndi chitini cha mkaka, atachipanikiza pachifuwa ndi mkono wopindikawo. Ndinati ndimuthandize, iye anakana, nati mlendo sagwira ntchito. Anandifunsa za kumudzi, za ana, ngati pamanda a mayi tinaikapo chiliza. Za ine kuti ndafika bwanji kuno sanafunse, ngakhale ankaona nsapato zanga ndipo fungo langa ankalimva. Anandisungira ulemu.

Atandipatsa tiyi anakhala pansi pa simenti, natsitsa mawu. Anati, “Bwana, mlembi uja anandipha ine. Tsiku lililonse ndikamalephera kumanga batani la malaya ndimamutemberera. Koma inu ndimadziwa kuti munayesetsa, ndipo ndinamva kuti anakugwetsani chifukwa cha nkhani yomweyi. Tsopano ndikupita kukamaliza. A komiti yatsopano andikonzera zonse. Sindinauze munthu aliyense, koma inu ndikuuzani. Ndege yanga ikunyamuka pa...”

“Khala chete!”

Ndinakuwa, abale anga, mpaka tiyi anatayikira pathalauza. Iye anadzidzimuka. Ndinati, “Usandiuze. Chonde usandiuze kanthu. Chilichonse chimene ungaike m'khutu mwanga chikafika kwa a Nyundo.”

Kunja wina ankakuwa kufulumizitsa mnzake m'Chiarabu, yala, yala. Pakamwa panga, paja pankasangalatsa misonkhano, panauma gwa. Ndinayamba kufotokoza mawu akutuluka limodzilimodzi. Ndinamuuza za mbuzi, za botolo, za mawu anga enieni monga ndinawanenera pakhonde paja. Ndinamuuza kuti mlembi analibe mlandu. Ndinamuuza kuti panja pa geti pali munthu ndi kaphukusi, akudikira nambala ya chipinda chino, ndipo wobwera kudzaiwerenga ndine.

Jailosi sanalire, sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoti, “Manda aja panali thanthwe, bwana. Anzanga anati tisunthire pena, ine ndinakana, ndinati mayi a Olemekezeka agone pafupi ndi amuna awo. Ndinakumba mpaka m'manja munatuluka matuza.” Anatambasula dzanja, natenga kapu m'manja mwanga, naiika patali.

Foni inalira m'thumba. Tonse tinaiyang'ana. Inalira, inasiya, inaliranso. Jailosi anati, “Yankhani. Ndimve ndi makutu anga.”

Ndinayankha. Layifodi anati, “Nthawi yatha, madala. Nambala?” Pasipoti yanga, ana anga, mvula ya kwathu, zonse zinali m'manambala atatu amene anali pa lilime. Ndinati, “Kulibe. Ndikutuluka.”

Jailosi anali atayamba kale kulonga m'chikwama. Sanandiyang'anenso. Ndili pachitseko anangoti, “Mukadzafika kumudzi mukapepese kwa mlembi uja. Ndamutemberera zaka zinayi chifukwa cha inu.”

Kugalimoto Layifodi anali atazimitsa injini. Ndinamuuza kuti Jailosi wa m'kampu imeneyo ndi Mzambiya wa ku Chipata, wonenepa, mikono yonse yabwinobwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pathalauza ponyowa paja. Anati, “Mzambiyayo ndiye wakupatsani tiyi? Mwakhalitsatu kwa munthu wosamudziwa.” Ndinati kwathu munthu akakupatsa tiyi suthawa. Anatsika m'galimoto kuti akaone yekha. Ndinamuona akuyenda mpaka pageti. Mlonda wa pageti, Mnepali wamfupi, anamufunsa khadi ya kampani. Ine anandilola chifukwa ndinkaoneka ngati wa momwemo, koma Layifodi ndi magalasi ake akuda ndi unyolo wa m'khosi anamukaniza. Anakangana, mlonda anagwira wailesi yake, Layifodi anabwerera. Ndi kaphukusi kaja m'thumba sakanafuna kuti apolisi abwere. Tinabwerera kuyadi.

Tsopano nonse amene muli m'dzenje ngati langa, mverani zomwe ndinachita, chifukwa kulira kokha sikutulutsa munthu. Nditafika kuyadi ndinakhuthulira botolo m'chimbudzi. Musaganize kuti ndinamva mtendere. Masiku asanu ndinanjenjemera, ndikusanza, ndikuona zinthu zoyenda pakhoma. Ndinkatsuka magalimoto chiguduli chikugwa m'manja. Lachisanu lotsatira ndinabwera m'chipinda chino koyamba, ndinakhala kumbuyo uko pafupi ndi nsapato. Titamaliza kupemphera ndinakokera pambali mkulu wathu uyu wakhala apayu, ndinamuuza zonse. Sanandisisite. Anati, “Kulapa kwako kuli papepala. Lemba.” Anandigulira kope ndi bolopeni.

Kalata yoyamba ndinalembera mlembi uja. Yachiwiri ndinalembera komiti yatsopano, masamba khumi ndi awiri, kuyambira pa bokosi la maliro mpaka pa kaphukusi ka Layifodi, ndi zonse zimene ndinaona payadi pa zaka ziwiri, momwe mapepala abodza amakonzedwera. Yachitatu ndinalembera mkazi wanga. Iyo mpaka lero sinayankhidwe, ndipo sindimuimba mlandu.

Patatha mwezi nkhani inamveka kuti Mboni Yachitatu yafika kumudzi ndipo yayankhula. Layifodi sanafunse mafunso. Ananditsekera mu ofesi, nandimenya ndi chitsulo chomasulira matayala. Mano awiri awa mukuona kulibewa anatsala kumeneko. Kenako anathetsa viza yanga, nandiponyera pasipoti kumaso, nati ndikafika kwathu akandimalize a Nyundo. Abale a m'chipinda chino ndi amene ananditola. Ananditulutsa m'dziko muno n'kundilowetsanso pa viza ya kampani ya alonda. Chaka chino chonse ndakhala ndikutsegula geti ku Jumeirah, dera la anthu olemera, ndikuperekera sawatcha kwa ana a sukulu ndi agalu a mabwana. Ndi ntchito yoyamba m'zaka zambiri imene ndimagona nayo tulo. Mowa ndimaufunabe, ndisakunamizeni. Ndikaufuna ndimaimbira mkuluyu, iye amandikalipira, tsiku limadutsa.

Mlembi uja anandiyankha ndi mzere umodzi. Anati ndikanene mawu omwewo pamaso pa anthu, monga momwe iye anachotsedwera ntchito pamaso pa anthu. Akunena zoona. Komiti yandiitana, ndipo Lachiwiri likubwerali ndikukwera ndege. Ndikakhala pampando wa mboni, m'chipinda chomwe ndinkamenyamo tebulo, popanda katani. Loya wina wandiuza kuti kuphwanya lumbiro ndi kusainira lipoti labodza ndi milandu, mwina ndikathera kundende. A Nyundo nawonso akadali kunja, mlandu wawo sunayambe. Ndikuopa, abale anga. Ndikuopa kwambiri, mundipempherere.

Sabata yatha foni inalira ndili pageti. Anali Jailosi. Kuyambira tsiku la tiyi lija ndinali ndisanamvenso mawu ake. Sanandipatse moni. Anati, “Sindinakukhululukireni, musaganize zimenezo. Koma ndamva kuti mukubwera, ndipo anthu a a Nyundo akakudikirani kunyumba kwa abale anu. Musapite kumeneko. Mubwere kuno komwe andibisa, pali mphasa.” Ndinati, “A Jailosi, musandiuze malowo, mukundidziwa ine.” Iye anati, “Ndikukudziwani. Tengani bolopeni.” Ndinati sindilemba, ndisunga m'mutu. Anandiuza boma, mudzi, ndi nyumba yake.

Pamene timalowa muno lero, mbale wina anandigwira pamkono pakhomo paja. Anali atamvako mbali ya nkhaniyi, ndiye anandifunsa mwachikondi kuti, “Nanga mnyamata wa mkono ujayo ali kuti masiku ano, Honalebo?” Mbale wanga, ndikudziwa kuti unafunsa ndi mtima wabwino, usakhumudwe. Nonsenu ndinu abale anga, munanditola ndili magazi, munandidyetsa. Komwe ali Jailosi ndikukudziwa. Sindikuuzani.